Zimene zili m'kadontho ka magazi

Moni kwa inu a pa boma pa Chadiza. Moni kwa a kwa Zingalume, a kwa Mlolo ndi a kwa Mwangala. Moni kwa a ku Nsadzu ndi a ku Chanida kumalire, osaiwala abale athu a tsidya lija la Mozambique amene mawuwa akukufikani. Ana asukulu, senderani pafupi ndi wailesi. Nkhani ya lero ndi yanu. Makolo, musachoke, pakuti inunso ikukukhudzani.

Ndiyambe ndi funso. Ndani mwa inu sanabayidwepo pachala ku chipatala?

Tonse tikudziwa m'mene zimakhalira. Mwana watentha thupi usiku wonse. Kukacha, mayi amubereka kumbuyo, ulendo wa ku kiliniki. Ena wapansi, ena panjinga. Namwino agwira kachala, apukuta ndi thonje, n'kubaya. Mwana alira. Kadontho kofiira katuluka. Nthawi zambiri amakadonthezera pa kachipangizo koyera kaja, inu n'kudikira pang'ono. Pakaoneka mizere iwiri, akuti ndi malungo. Koma nthawi zina amakapaka pa kagalasi n'kulowa nako ku labu. Inu mumatsala panja pa benchi, mwana ali pamiyendo.

Kodi munadzifunsapo kuti m'chipinda muja akuyang'ana chiyani? Magazi ndi ofiira, tonse tikuona. Nanga chimene iwo akuona, ife osachiona, n'chiyani?

Lero tilowa m'chipinda chimenecho. Ndipo mawu anga ndi amodzi, ndiwabwereza kangapo. Zimene mwana wanu amaphunzira ku sukulu pa phunziro la bayoloje, ndi zomwezo zimene zimapulumutsa moyo wake ku chipatala. Tsono mwanayo aziona ndi maso ake, asamangomva.

Tiyambe ndi selo.

Taganizirani nyumba ya njerwa. Mukaima patali mumangoona khoma limodzi. Mukayandikira, mupeza kuti khomalo ndi njerwa zambirimbiri zosanjikizana, iliyonse inatuluka m'chikombole payokha. Thupi lathu lilinso choncho. Khungu, mnofu, chiwindi, mtima, zonsezi ndi timagawo ting'onoting'ono tolumikizana. Timagawo timeneti ndito amatitcha maselo. Kamodzi ndi selo. Si munthu yekha ayi. Ng'ombe ili m'khola, chimanga chili m'munda, mtedza, fodya, bowa wa m'tchire, chilichonse chamoyo ndi chomangidwa ndi maselo.

Koma fanizo la njerwa lili ndi polekezera. Njerwa ilibe moyo. Selo ndi yamoyo. Imadya. Imagwiritsa ntchito mpweya. Imatulutsa zoipa. Imakula, n'kugawanika pakati kukhala ziwiri, ziwirizo n'kukhala zinayi. Nthawi yake ikakwana, imafa.

Mukufuna umboni? Kumbukirani tsiku limene munadzitema ndi khasu kuphazi. Bala linali lotseguka. Patapita milungu ingapo, linatsekeka, panangotsala chipsera. Ndani anasoka? Palibe. Maselo a m'mbali mwa bala anagawanika, nagawanikanso, mpaka mpata unadzaza. Mwana amene mumapita naye ku sikelo mwezi ndi mwezi, n'kumasangalala kuti akukwera, chimene chikuchuluka ndi maselo. Ndipo aliyense wa ife, kaya ndi mfumu kaya ndi mbusa wa mbuzi, anayamba ngati selo imodzi yokha, pamene mbewu ya bambo inakumana ndi dzira la mayi.

M'kati mwa selo muli chiyani? Kunja kuli kakhungu kopyapyala kwambiri. Kali ngati mpanda wokhala ndi chipata, kamasankha cholowa ndi chotuluka. M'kati muli zamadzimadzi zonga phala, mmene mumachitika ntchito zonse. Ndiye pali kachinthu kena kamene aphunzitsi amakatcha nyukiliyasi. Kameneka ndiko kamasunga malangizo a mtundu. Mukamva anthu akunena kuti, “Mwanayu mphuno n'nja agogo ake,” dziwani kuti malangizo a mphunoyo anayenda kudzera mu nyukiliyasi, kuchoka kwa agogo, kufika kwa makolo, mpaka kwa mdzukulu.

Tsopano titembenuke. Ngati maselo ndi aang'ono chotere, anthu anawaona bwanji?

Apa ndi pamene pakulowa maikulosikopu, makina okulitsa zinthu zing'onozing'ono. M'chaka cha 1665, ku London, munthu wina dzina lake Robert Hooke anadula kachidutswa kopyapyala ka khungwa la mtengo, nakaika pansi pa magalasi ake. Anaona timabokosi tambirimbiri tondandalikana. Tinamukumbutsa tizipinda ting'onoting'ono. Dzina lakuti selo linachokera pamenepo, tanthauzo lake ndi kachipinda.

Koma amene ndimakonda kumutchula ndi wina. Dzina lake Antonie van Leeuwenhoek, wa mumzinda wa Delft ku Netherlands. Ameneyu sanali dokotala. Sanapite ku yunivesite. Anali wogulitsa nsalu. Ankapera yekha timagalasi ting'onoting'ono, n'kumayang'anira chilichonse chimene wachipeza. Anatunga madzi a m'nyanja yaing'ono, n'kupezamo tizamoyo tikusambira. Anayang'ana magazi, n'kuona timizunguliro tofiira. Anapala ngakhale zoyera za m'mano mwake, n'kupeza kuti namonso muli tamoyo tikuyendayenda. Zimene anaona ankazilemba m'makalata n'kutumiza kwa akatswiri a bungwe la Royal Society ku London. Poyamba ena anakayika. Atayang'ana okha, anavomera.

Ana asukulu, mwamva? Wogulitsa nsalu. Chimene anali nacho ndi chidwi ndi kudekha. Akuluakulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha.

Tibwerere tsopano ku kadontho kathu kaja.

Wa ku labu akalandira kagalasi, amayamba wakaumitsa. Kenako amathirapo mankhwala opaka utoto, otchedwa Giemsa, kuti zobisika zionekere. Atsuka, aumitsanso, adonthezapo kadontho ka mafuta, n'kukaika pa maikulosikopu. Awerama. Dzanja lili pa kogudubuza, akupotokola pang'onopang'ono. Poyamba ndi chifunga chokhachokha. Kenako zinthu zimayera.

Choyamba kuoneka ndi maselo ofiira. Ndi ozungulira, opyapyala pakati. M'kadontho kamodzi alimo mamiliyoni. Ntchito yawo ndi kunyamula mpweya wabwino kuchokera m'mapapo kupita nawo thupi lonse, mpaka ku chala chakuphazi. Amapangidwa m'mafuta a m'kati mwa mafupa, ndipo selo iliyonse imakhala ndi moyo pafupifupi miyezi inayi. Choncho thupi silipuma, limapanga ena usana ndi usiku. Zopangira zake zimachokera m'mbale mwanu: nyemba, bonongwe, chisoso, mazira, kapenta, chiwindi. N'chifukwa chake amayi oyembekezera amapatsidwa timapiritsi towonjezera magazi ku sikelo. Amayi, timapiritsito si tosunga m'chikwama. Imwani.

Apo ndi apo, pakati pa ofiirawo, pamaoneka ena okulirapo, ochepa chiwerengero. Amenewa ndi maselo oyera. Inu mumawadziwa kale. Ndi aja timati asilikali a m'thupi. Amene mumalandira ma ARV munamvapo za CD4. Imeneyo ndi gulu limodzi la maselo oyerawa, ndipo ndi limene kachilombo ka HIV kamalimbana nalo. Mwaona? Bayoloje mumailankhula kale, kungoti simunadziwe kuti ndi imeneyo.

Nanga ngati mwana ali ndi malungo, wa ku labu amaona chiyani? Amaona timphete. M'kati mwa maselo ena ofiira mumakhala kanthu konga mphete ya pachala, kobiriwira, kokhala ndi kadontho kofiirira pambali. Kameneko ndiko kachilombo ka malungo. Nako ndi selo imodzi, yamoyo, yokhala m'kati mwa selo ya mwana wanu.

Mvetserani ulendo wake. Udzudzu waukazi ukaluma usiku, umalavulira tizilomboti m'magazi. Timathamangira kuchiwindi. Kumeneko timakhala chete kwa masiku angapo, tikuswana, munthu osamva kanthu. Kenako timatuluka n'kulowa m'maselo ofiira. Timadya za m'katimo, n'kuswananso, mpaka selo iphulika. Tatsopano timamwazika n'kulowa m'maselo ena. Pamene maselo akuphulika m'pamene munthu amanjenjemera, kutentha thupi, kenako thukuta. Ndipo selo iliyonse yophulika ndi magazi otayika. N'chifukwa chake mwana wodwala malungo pafupipafupi amayera m'manja ndi m'zikope. Timati magazi achepa. Zoonadi achepa, adyedwa kuchokera m'kati.

Tsono ndikufunseni. Ku chipatala akupatsani Coartem wa masiku atatu. Tsiku lachiwiri mwana wadzuka, wapempha phala, wayamba kusewera. Kodi mumatani ndi mapiritsi otsalawo? Ambiri timasunga, kuti adzathandize tsiku lina. Abale anga, musatero. Thupi kuzizira sikutanthauza kuti timphete tonse tafa. Totsalato tidzaswananso. Malizani mankhwala. Ndibwerezenso, malizani mankhwala, ngakhale mwana akuthamanga pabwalo.

Pali mawu amene timawamva kumudzi. Ena amati malungo amabwera chifukwa chonyowa ndi mvula. Ena amati n'chifukwa cha mango osapsa kapena nzimbe. Sindikunyoza amene amanena zimenezi. Anaona bwino kuti malungo amachuluka m'dzinja, nthawi ya mvula ndi mango. Chimene sanathe kuona ndi chimene chili m'magazi. Ngakhale azungu anasokera kwa zaka mazanamazana. Iwo ankati matendawa amachokera ku mpweya wonunkha wa m'madambo, ndipo dzina limene anawapatsa, lochokera m'Chitaliyana, limatanthauza mpweya woipa. Anadzazindikira liti? M'chaka cha 1880, kuno ku Africa konkuno, mumzinda wa Constantine ku Algeria. Dokotala wa asilikali a ku France, Alphonse Laveran, anayang'ana magazi a msilikali wodwala pa maikulosikopu, n'kuona kachilombo kakugwedezeka. Mu 1897, ku India, Ronald Ross anatumbula udzudzu n'kupeza tizilombo tomweti m'mimba mwake. Mvula imangodzaza zithaphwi. Zithaphwi zimaswetsa udzudzu. Udzudzu ndiwo umanyamula matenda. Chifukwa chimene neti imene mumagonamo imatetezera ku malungo chinadziwika kuchokera pa zimene anthu awiriwa anaona ndi maso.

Si malungo okha. Mnyamata akayamba kukodza magazi, ena amati wakula. Sikukula kumeneko, ndi likodzo. Mkodzo wake ukayang'anidwa pa maikulosikopu, mumaoneka mazira okhala ndi kaminga kunsonga. Ndi mazira a nyongolotsi zimene zimakulira mu nkhono za m'madzi, n'kulowa pakhungu la mwana pamene akusambira padamu kapena kumtsinje. Mankhwala ake alipo. Chimodzimodzi chifuwa chachikulu. Kachilombo kake anakaona koyamba Robert Koch mu 1882, ndipo makhololo amene amakupemphani ku chipatala, amafunamo komweko.

Tsopano ndifike pamene pali mtima wanga. Tipite ku sukulu.

Ine ndinaphunzira za selo pa bolodi. Aphunzitsi anajambula ndi choko, ife tinakopera m'makope. Tinalemba mivi ndi mayina. Tinaloweza. Mayeso tinakhoza. Koma kunena zoona, mumtima ndinkaiona ngati nthano, ngati za kalulu ndi fisi. Tsiku limene ndinayang'ana koyamba pa maikulosikopu ndinali nditakula kale. Amene ankandionetsa anatenga anyezi wamba, wa pamsika. Anamudula, n'kusenda kakhungu koonekera kaja kamene kamakhala m'kati mwa chikamba chilichonse. Anakayala pa kagalasi, kadontho ka madzi, kadontho ka ayodini, n'kuvundikira ndi kagalasi kena kopyapyala. Anati, “Yang'anani.” Ndinaika diso. Sindinaone kanthu, kuwala kokha. Anati, “Dekhani, potokolani pang'ono.” Ndinapotokola. Mwadzidzidzi khoma la njerwa linatulukira, mizere yoongoka bwino, njerwa iliyonse ili ndi kadontho kake m'kati. Ndinachotsa diso n'kuyang'ana kagalasiko. Panalibe kanthu, kakhungu ka anyezi basi. Ndinabwezeranso diso. Khoma lija lilipo. Anyezi amene ndakhala ndikukazinga moyo wanga wonse! Kuyambira tsiku limenelo, palibe amene anafunikanso kundiuza kuti maselo alikodi.

Chimenecho ndicho ndikufunira mwana aliyense wa m'boma lino. Kumva ndi kuona n'zosiyana. Mwana amene waona selo ndi diso lake sadzavutika kukhulupirira kuti m'madzi ooneka oyera mungakhale tizilombo. Adzasamba m'manja popanda kum'kalipira. Adzauza agogo ake chifukwa chake neti si yowedzera nsomba kapena yotchingira dimba.

Kuyambira mu 2022, boma linachotsa malipiro a sukulu. Ana abwerera m'makalasi ambirimbiri, ndipo n'zoyamika. Tikulankhula za madesiki, za zipinda, za zimbudzi. Zonsezo n'zofunika. Koma ndikupempha kuti pa mndandanda umenewo tionjezepo maikulosikopu. Mwina mukuti, “Sukulu yathu ilibe magetsi.” Alipo ena osalira magetsi. Ali ndi kalilole pansi, mumangowaika pafupi ndi windo, dzuwa n'kugwira ntchito. Ndipo dzuwa kuno kwathu silisowa. Alipo ngakhale opangidwa ndi pepala lopinda, otchedwa Foldscope, amene anapangidwa ndi Manu Prakash ndi mnzake Jim Cybulski ku yunivesite ya Stanford ku America, n'cholinga choti akhale otsika mtengo, ofikirika kwa ana a kumidzi.

Mutu umodzi susenza denga. Inu a komiti ya makolo ndi aphunzitsi, funsani pa msonkhano: kodi sukulu yathu ili ndi maikulosikopu? Ngati ilipo, kodi ana amaigwira, kapena ili m'kabati yokiya kuopa kuti ingawonongeke? Inu a makomiti a chitukuko m'mawodi, pamene mukukambirana za ndalama za chitukuko za CDF, ikumbukireni nkhaniyi. Inu aphunzitsi a sayansi, ndikudziwa kuti kalasi ndi lodzaza ndipo nthawi ndi yochepa. Komabe, ngakhale makinawo akhale amodzi, ana aime pamzere, aliyense aike diso lake. Sukulu imene ilibe ingabwereke kwa inzake yoyandikana nayo. Fodya wako ndi amene ali pamphuno, tiyambe ndi zimene tili nazo.

Nanga kunyumba? Ana, yesani ichi mawa. Tengani kapulasitiki koonekera, kayaleni pa nyuzipepala kapena pa tsamba la buku lakale. Donthezanipo kadontho kamodzi ka madzi. Nyamulani pang'ono, muyang'ane chilembo kudzera m'kadonthoko. Mudzaona chakula. Maselo simuwaona, kadontho kalibe mphamvu yokwanira. Koma mudzakhala mutagwira chinsinsi cha maikulosikopu, chakuti chinthu choonekera, chotukuka pamwamba, chimapinda kuwala n'kukulitsa chimene chili kuseri kwake. Yang'anani nyerere. Yang'anani tsamba la dzungu ndi ubweya wake. Yang'anani ulusi wa chitenje cha amayi, monga ankachitira wogulitsa nsalu uja.

Ndipo atsikana, ndikulankhula ndi inu makamaka. Wina asakunamizeni kuti sayansi ndi ya anyamata. Anthu amene amagwira ntchito m'malabu a zipatala zathu amaphunzira m'makoleji ngati Evelyn Hone ku Lusaka, ndipo zitseko zake n'zotsekukira onse. Ku Ndola kuli malo ofufuzira matenda a m'mayiko otentha, kumene Azambia anzathu amagwira ntchito ndi tizilombo tomwe takambatu. Onsewo anayamba ndi phunziro lomweli la selo, m'kalasi ngati lanulo. M'mera mpoyamba.

Makolo, mwana akakufunsani funso limene simukulidziwa, musamuthamangitse. Muuzeni akafunse aphunzitsi, ndipo akabwera adzakufotokozereni. Mukapita naye ku chipatala n'kumubaya pachala, funsani namwino kuti apeza chiyani, mwanayo akumva. Safunsa anadya phula.

Nthawi yatithera, omvera. Usiku uno, musanagone, kungani neti, muone ngati ilibe chiboo. Amene muli ndi mapiritsi a malungo osamaliza, bwererani ku kiliniki mukafotokoze. Ndipo inu amayi, mwana akadzakupemphani anyezi mmodzi kuti apite naye ku sukulu, mupatseni.